Malonda a ulusi wa galasi: dzina la dziko limasintha pa zikalata, mwini ng'anjo sasintha

Mu February 2022, bungwe la European Commission, lomwe limayendetsa za malonda m'malo mwa maiko a mu European Union (EU), lidalamula kuti nsalu za ulusi wa galasi zochokera ku Morocco zizilipira msonkho wokwana 99.7 peresenti yonse pamodzi polowa ku Ulaya. Zaka zitatu m'mbuyomo, Morocco sankatchulidwa n'komwe pa malonda amenewa. Chidachitika n'chakuti kampani ya PGTEX, yomwe kwawo ndi ku China, idatsegula fakitale ku Tangier chakumapeto kwa 2019, pa nthawi imene akuluakulu a ku Brussels, kulikulu la EU, anali mkati mofufuza nsalu zochokera ku China ndi ku Egypt. Ulusi unkabwera kuchokera ku China, ku Tangier n'kungousoka kukhala nsalu, kenako n'kuwolotsa nyanja uli ndi zikalata zonena kuti katunduyu ndi wa ku Morocco. Pofika September chaka chomwecho, msonkho uja udafikanso pa nsalu zodzera ku Turkey, kupatula za makampani ochepa amene adaonetsa umboni kuti amapangadi okha.

Munthu wongoyang'ana ziwerengero za katundu wolowa m'maiko angaganize kuti m'zaka khumi ndi zisanu zapitazi kwabadwa maiko ambiri atsopano odziwa kupanga ulusi wa galasi: Egypt, Bahrain, Morocco ndi ena. Mbali ina ndi zoona, chifukwa mafakitalewo alipodi ndipo anthu akugwiramo ntchito. Koma mukafunsa kuti mwini fakitale ndani, mayina amene amabwerabwera ndi ochepa kwambiri, ndipo ambiri mwa iwo ndi a ku China.

Katunduyu ndi wotani

Ulusi wa galasi, umene amisiri ambiri amangouti faibagalasi kapena faiba, ndi galasi lenileni. Amatenga mchenga woyera, dongo la kaolin, mwala wa laimu ndi miyala ina, nthawi zambiri yokhala ndi boron, n'kuzisungunula m'ng'anjo yotentha kuposa madigiri 1,400. Phala lagalasilo limatsika kudzera m'mbale yachitsulo yokhala ndi timabowo masauzande, ndipo makina amalikoka mothamanga mpaka likhale timaulusi topyapyala kuposa tsitsi la munthu kangapo. Timaulusito amatipaka mankhwala otithandiza kugwirana ndi pulasitiki, kenako amatikulunga pa zikuta, kapena kutidula tizidutswa, kapena kutiluka kukhala nsalu ndi mphasa. Paokha ulusiwu sulimba ngati thabwa. Mphamvu yake imaoneka ukanyowetsedwa ndi rezini (pulasitiki yamadzimadzi yomata) n'kuuma: pamatuluka chinthu chopepuka, cholimba, chosachita dzimbiri ndiponso chosadutsa magetsi.

N'chifukwa chake umapezeka m'malo ambiri osaonekera. Maboti, mapaipi akuluakulu a madzi, matanki a mankhwala, mabampa ndi ziwalo zina za galimoto, malata oonekera kuwala, mabafa, makwerero a amisiri a magetsi, zonsezi zimaudalira. Kabodi kobiriwira ka m'kati mwa foni kapena kompyuta ndi nsalu ya galasi yomatidwa ndi rezini. Ndipo mapiko a makina opanga magetsi ndi mphepo, amene ena mwa iwo a panyanja amatalika kuposa mamita 100, mbali yake yaikulu ndi ulusi womwewu.

Malonda ake adayambira ku America. M'zaka za m'ma 1930, akatswiri a kampani ya Owens-Illinois, motsogozedwa ndi Games Slayter, adapeza njira yopangira ulusiwu wambiri motchipa, ndipo mu 1938 kudabadwa kampani ya Owens-Corning Fiberglas ku Toledo, m'chigawo cha Ohio. Kwa zaka pafupifupi makumi asanu ndi limodzi, msika udali m'manja mwa makampani a ku America, France ndi Japan.

Ng'anjo yosazima

Chinthu chimodzi chimene chimalongosola khalidwe la malonda onsewa ndi ng'anjo. Aliyense amene adaotchapo njerwa amadziwa kuti uvuni ukangoyatsidwa sungati lero ndatopa, ndipitiriza mawa. Umasonkhezera usana ndi usiku mpaka zipse, apo ayi ntchito yonse yapita pachabe. Ng'anjo ya galasi ili chimodzimodzi, kungoti iyo imayaka zaka zisanu ndi zitatu kapena khumi osazima. Ikazima mwangozi, galasi limaumira m'kati ndipo kuikonza kumadya ndalama zoopsa. Choncho mwini fakitale sangachepetse msanga ntchito yake malonda akatsika. Ulusi umatulukabe tsiku ndi tsiku, kaya ogula alipo kaya palibe, ndipo nyumba zosungira katundu zikadzaza amayenera kuutumiza kwina kulikonse kumene angaulandire, ngakhale pa mtengo wopweteka.

Ng'anjo imodzi yamakono imatulutsa matani 80,000 kapena kuposa 100,000 pachaka. Zikatsegulidwa zitatu kapena zinayi chaka chimodzi, msika wa dziko lonse umamva. Mu 2021, pamene maiko ankadzuka ku mliri wa Covid-19 ndipo ntchito zomanga makina amphepo zinali pachimake, ulusi udasowa ndipo mitengo idakwera. Makampani adathamangira kumanga ng'anjo zatsopano, zomwe zidayamba kutulutsa katundu mu 2022 ndi 2023, pamene ntchito zomanga nyumba ku China zinali zitafooka. Mtengo wa ulusi wamba udagwa ndi pafupifupi theka. Ogula a kunja adaona mitengo yokoma, koma opanga a ku Ulaya adaona chigumula.

Mbale ya timabowo ija nayo ili ndi nkhani yake, ndipo nkhaniyo ikukhudza kumwera kwa Africa kuno. Imapangidwa ndi platinum wosakaniza ndi rhodium, chifukwa zitsulo zina sizingapirire kutentha kumeneko kwa nthawi yaitali. South Africa ndiyo imakumba gawo lalikulu la zitsulo ziwirizi padziko lonse, makamaka cha ku Rustenburg ndi madera ena a Bushveld, ndipo Zimbabwe imathandizirapo ndi migodi ya Zimplats, Mimosa ndi Unki. Rhodium, amene mu 2016 ankagulidwa pansi pa madola 1,000 pa aunsi imodzi, adafika pafupifupi madola 29,000 mu March 2021. Opanga ulusi a ku China ataona zimenezi adachepetsa rhodium m'mbale zawo n'kugulitsa wotsalayo pamsika, ndipo ichi chidali chimodzi mwa zimene zidagwetsa mtengo wake mpaka pansi pa madola 5,000 mu 2023. Munthu wogwira ntchito mumgodi ku Rustenburg mwina sadaonepo fakitale ya ulusi wa galasi, koma zimene mainjiniya a ku Zhejiang adasankha zidafika mpaka pa mgodi wake.

China idafika bwanji pamenepa

Masiku ano China imapanga pafupifupi magawo awiri mwa atatu a ulusi wa galasi wa dziko lonse. Mu 2023 idatulutsa matani oposa 7 miliyoni. Wambiri umagwiritsidwa ntchito kwawo konko, koma wotumizidwa kunja, kuphatikizapo nsalu ndi zinthu zina zopangidwa kale, umayandikira matani 2 miliyoni pachaka. Kuti muone kukula kwake, maiko onse a EU pamodzi amagwiritsa ntchito ulusi wolimbitsira pulasitiki wokwana pafupifupi matani 1 miliyoni pachaka.

Makampani atatu ndi amene ali patsogolo. China Jushi, ya ku Tongxiang m'chigawo cha Zhejiang, ndiyo yaikulu padziko lonse. Taishan Fiberglass ili ku Tai'an m'chigawo cha Shandong, ndipo CPIC ili ku Chongqing. Jushi ndi Taishan onse ali ndi dzanja la China National Building Material, kampani ya boma. Mfundo imeneyi ndi imene milandu yambiri ya msonkho imatsamirapo: a ku Ulaya amati makampaniwa amapeza ngongole zofewa ku mabanki a boma, malo otchipa ndi kuchotseredwa misonkho, zomwe kwa iwo ndi sabuside yosaloledwa. A ku China amayankha kuti amatchipa chifukwa ng'anjo zawo ndi zazikulu ndiponso zatsopano, miyala ili pafupi, ndipo ogula akuluakulu ali pakhomo.

Ine ndimaona kuti mbali zonse ziwiri zikunena zoona, ndipo ichi ndicho chimavutitsa nkhaniyi. Thandizo la boma lidalipo, ndipo ofufuza adaliwerengera. Komanso munthu amene wamanga ng'anjo makumi angapo m'zaka makumi awiri amaphunzira zinthu zimene amene akungokonza ng'anjo yakale sangaziphunzire. Msonkho ungafafanize phindu la sabuside pa mtengo, koma luso limene sabusideyo idagula limatsala.

Kuthamangitsana

Mu March 2011, EU idaika msonkho woyamba pa ulusi wa ku China, wa 13.8 peresenti kwa makampani ambiri, ponena kuti ankaugulitsa ku Ulaya motsika kuposa mtengo wake weniweni. Kumapeto kwa 2014 adaonjezerapo msonkho wolimbana ndi sabuside, ndipo yonse pamodzi idafika pafupifupi 30 peresenti kwa makampani ena. India ndi Turkey nawonso adaika misonkho yawo pa nthawi yomweyo.

Jushi sidadikire. Idasankha malo ku Ain Sokhna, m'mbali mwa Gulf of Suez, m'dera la mafakitale limene maboma a China ndi Egypt adakhazikitsa limodzi. Ng'anjo yoyamba, ya matani 80,000 pachaka, idayamba ntchito cha m'ma 2014. Pofika 2018 fakitaleyo inali pa matani 200,000, ndipo lero idadutsa matani 300,000. Kusankha kwake kudali kwanzeru. Egypt ili ndi gasi, mchenga wabwino, antchito otchipa, doko pakamwa pa ngalande ya Suez, komanso pangano la malonda ndi EU lolola katundu wa m'mafakitale kulowa wopanda msonkho. Sitima yochoka ku Egypt imafika kumwera kwa Ulaya m'masiku ochepa, pamene yochoka ku Shanghai imatenga mwezi kapena kuposa. Dziko limene silinkapanga ulusi wa galasi lidasanduka limodzi mwa opanga akuluakulu padziko lapansi, chifukwa cha kampani imodzi. CPIC nayo idachita zofanana: idagula fakitale ku Capivari m'dziko la Brazil ndipo idalowa m'kampani ya Abahsain ku Bahrain.

Apa a ku Brussels adakumana ndi funso limene malamulo a World Trade Organization sadalilembe momveka. Malamulowo amalola dziko kulipiritsa msonkho katundu amene adathandizidwa ndi boma la kumene wachokera. Nanga ngati katundu wachokera ku Egypt, koma ngongole yofewa idachokera ku mabanki a ku China? Mu June 2020 European Commission idayankha kuti popeza boma la Egypt lidavomereza ndi kulandira ndalamazo monga gawo la mgwirizano wa dera la mafakitale lija, thandizolo liwerengedwe ngati la Egypt. Ulusi wa ku Egypt udapatsidwa msonkho wa 13.1 peresenti. Nsalu za ku Egypt zidapatsidwa pafupifupi 31 peresenti, ndipo za makampani ena a ku China zidafika 99.7 peresenti. Aka kadali koyamba kuti EU ilange sabuside yowoloka malire. Makampaniwo adakasuma, koma khoti la EU lidagwirizana ndi Commission mu March 2023, ndipo khoti lalikulu la EU, lomwe lili ku Luxembourg, lidatsimikiza chigamulocho mu November 2024.

Chigamulo chimenechi ndi chachikulu kuposa ulusi wa galasi, ndipo maiko a mu Africa ayenera kuchiwerenga mofatsa. Maboma athu ambiri akukopa makampani a ku China kuti adzamange mafakitale m'madera apadera, ndi chiyembekezo chogulitsa katunduyo ku Ulaya mopanda msonkho. Mlandu wa Egypt udaonetsa kuti khomo limenelo lingatsekeke ngati ndalama zomangira fakitale zidachokera ku boma lina pa chiwongoladzanja chofewa. EU idagwiritsanso ntchito mfundo yomweyi pa zitsulo za ku Indonesia mu 2022.

Nkhani ya Morocco ndi Turkey idabwera pambuyo pa zimenezi, ndipo sidali yoyamba ya mtundu wake. Ukonde wa ulusi wa galasi umene amaika m'pulasitala ya makoma udapatsidwa msonkho mu 2011, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira msonkhowo udatsatira katunduyo ku Malaysia, Taiwan, Thailand, India ndi Indonesia, kulikonse kumene makontena adayamba kudzera. Pali kusiyana kofunika apa. Kusintha zikalata pa doko, kapena kungosoka pang'ono ulusi wopangidwa kwina, malamulo amakutcha kuzemba, ndipo msonkho wakale umangokutsata. Kumanga ng'anjo yeniyeni, ngati ku Ain Sokhna, si kuzemba, ndipo kuti akulipiritse ayenera kuyamba kafukufuku watsopano amene amatenga chaka kapena kupitirira. Mu 2025 EU idayamba kafukufuku wina wotere pa ulusi wochokera ku Bahrain, Egypt ndi Thailand, ndipo chaka chomwecho idakhazikitsa msonkho pa ulusi wopota wochokera ku China.

Amene amalipira msonkhowo

Msonkho wa pachipata salipira ndi wogulitsa wa ku Tongxiang. Amalipira ndi amene akulowetsa katundu, ndipo iyeyo amaukankhira kwa kasitomala wake. Ku Ulaya makasitomalawo ndi makampani opanga mapiko a makina amphepo monga Vestas, Siemens Gamesa ndi LM Wind Power, opanga ziwalo za galimoto, ndi mafakitale ang'onoang'ono masauzande opanga maboti ndi mapaipi. Anthu ogwira ntchito m'makampani ogula ulusi ndi ochuluka kwambiri kuposa ogwira ntchito m'makampani oupanga, n'chifukwa chake pa kafukufuku aliyense mbali ziwirizi zimakangana kwambiri.

Vuto lake lili apa. Mukakweza mtengo wa nsalu, phiko lopangidwa ku Denmark kapena ku Spain limakwera mtengo. Koma phiko lopangidwa kale ku India, ku Turkey kapena ku China ndi nsalu yotchipa ija sililipira msonkho wa nsalu, chifukwa ku kasitomu limalowa ngati chiwalo cha makina. Pamenepo ulusi womwe udakanizidwa pakhomo umalowabe, utabisala m'kati mwa chinthu chomalizidwa, ndipo ntchito yopanga phikolo yasamukira kunja. Kumbali inayo, opanga ulusi amati Ulaya ikalola ng'anjo zake zonse kuzima, tsiku lina idzapeza kuti magetsi ake amphepo, galimoto zake ndi zida zake za nkhondo zikudalira makampani atatu a dziko limodzi. Pamene zigawenga za Houthi zidayamba kuwombera sitima pa Red Sea kumapeto kwa 2023, sitima zambiri zochoka ku Asia zidayamba kuzungulira ku Cape of Good Hope, zomwe zimaonjezera masiku khumi kapena kuposa, ndipo mawu a opanga ulusiwo adamveka mwamphamvu.

Misonkho yonseyi sidaletse ng'anjo za ku Ulaya kuzima. Mu August 2022, nkhondo ya ku Ukraine itavuta, mtengo wa gasi ku Ulaya udadutsa mayuro 300 pa megawati-awa imodzi, kuwirikiza kakhumi kapena kuposa mtengo wa zaka zam'mbuyo. Fakitale imene singazimitse moto ilibe pothawira mtengo wotere. Kampani ya ku Japan ya Nippon Electric Glass idagula mafakitale awiri a kampani ya ku America ya PPG ku Ulaya mu 2016. Ya ku Hoogezand m'dziko la Netherlands idagwa mu 2023, ndipo ya ku Wigan ku England idatsekedwa mu 2025, anthu pafupifupi 250 n'kutsala opanda ntchito. Zotsala ndi monga Johns Manville ku Trnava m'dziko la Slovakia ndi 3B ku Battice m'dziko la Belgium ndi ku Birkeland ku Norway. Ndipo mu February 2025, Owens Corning, kampani imene idayambitsa malonda onsewa, idalengeza kuti ikugulitsa gawo lake la ulusi wolimbitsira pulasitiki kwa Praana Group ya ku India pa madola 755 miliyoni, kuti iyo itsale ndi zomangira nyumba.

Ku America njira idali ina. Boma la Donald Trump lidaika ulusi wa galasi pa mndandanda wa katundu wa ku China wolipira 10 peresenti mu September 2018, n'kukweza kufika 25 peresenti mu May 2019. Chaka chomwecho cha 2019, Jushi idayatsa ng'anjo yake pafupi ndi Columbia ku South Carolina. Ulusi wotuluka mmenemo suoneka n'komwe pa ziwerengero za katundu wolowa mu America, chifukwa sudawoloke malire aliwonse.

Kuwerenga ziwerengero mosapusitsidwa

Ku kasitomu katunduyu amalembedwa pa nambala 7019, ndipo malonda ake pakati pa maiko amaposa madola 10 biliyoni pachaka. America ndi Germany kawirikawiri ndi amene amakhala pamwamba pa maiko ogula, zomwe sizodabwitsa, chifukwa ulusi umapita kumene kuli mafakitale a galimoto, a makina amphepo ndi a zomangira. Dziko likayamba kugula wochuluka, monga zakhalira ndi Mexico, Poland, India ndi Turkey, nthawi zambiri si chizindikiro cha kufooka. Zimatanthauza kuti kwafika mafakitale ofuna zipangizo.

Koma nambala 7019 ndi thumba limodzi lothiramo zinthu zosiyana kwambiri. Muli zikuta za ulusi wamba zogulidwa pa tani, muli nsalu zopyapyala za m'zipangizo zamagetsi zodula kuwirikiza kambirimbiri, ndiponso muli thonje la galasi loika kudenga poteteza kutentha. Thonje limeneli ndi mpweya wokhawokha: limadzaza kontena lisanalemere, choncho siliyenda mtunda wautali, ndipo malonda ake amakhala pakati pa maiko oyandikana. Ichi n'chifukwa chake mndandanda wa maiko potengera ndalama umasiyana ndi mndandanda potengera matani. Mawaya a intaneti amene anthu amawatchanso faiba salowa m'thumba limeneli konse. Ali ndi nambala zawo, ndipo amapangidwa ndi galasi la mtundu wina.

Belgium ndi Netherlands amaoneka ngati ogula aakulu kuposa kukula kwawo chifukwa cha madoko a Antwerp ndi Rotterdam, kumene katundu amatsikira asanakwere malole kupita ku Germany kapena ku France. Malaysia imaoneka ngati wogulitsa wamkulu, koma ng'anjo zake zazikulu ndi za Nippon Electric Glass ya ku Japan. Ndipo China yeniyeniyo imagulanso ulusi kunja, wochepa pa matani koma wodula. Pamwamba penipeni pa msika pali nsalu yapadera yosafutukuka ikatentha, yofunika pansi pa machipu amphamvu a makompyuta a AI, ndipo kampani ya ku Japan ya Nittobo ndiyo imapanga yambiri. Mu 2025 nsalu imeneyi idasowa, makampani akuluakulu a zamakompyuta n'kumalimbirana, pa nthawi imene ulusi wamba unali mbwee m'nyumba zosungira katundu.

Nanga kwathu kuno

Malawi, Zambia ndi Mozambique saoneka pa mndandanda wa ogula aakulu. Ulusi umene umafika kuno ndi wochepa, ndipo wambiri umabwera uli kale m'kati mwa chinthu: boti, kanopi ya galimoto, thanki, lata loonekera, foni. Wotsalawo ndi mphasa ndi rezini zimene okonza maboti ku nyanja ndi owongola galimoto m'matauni amagula pang'onopang'ono, zambiri kudzera kwa ogulitsa a ku South Africa. South Africa ndiyo ili ndi ogula enieni m'chigawo chino. Cape Town ndi umodzi mwa mizinda yotchuka padziko pa kupanga maboti apawiri oyendera mphepo, kumene kampani ya Robertson and Caine imatumiza ambiri kunja, ndipo kampani ya Isover imapanga thonje la galasi ku Springs.

Funso limabwera msanga: poti mchenga wopangira galasi ulipo m'madambo a ku Mchinji, dongo la kaolin lili ku Linthipe ndipo mwala wa laimu uli ku Balaka, bwanji osamanga fakitale yathu? Yankho lili pa ng'anjo ija. Mchenga ndi gawo laling'ono la mtengo. Chofunika ndi moto wosadukiza kwa zaka khumi, ndalama zogulira platinum ndi rhodium wa mbale mazana, ndi ogula matani 80,000 chaka chilichonse. Dziko limene lidataya mamegawati pafupifupi 130 usiku umodzi pamene namondwe Ana adaononga damu la Kapichira mu January 2022, lilibe gasi wa m'mapaipi, ndipo doko lake lapafupi ndi Beira kapena Nacala, silingayambire pamenepo. Ndikanakhala wolangiza boma ndikanati tisiye kulota ng'anjo, tiyang'ane ntchito zogwiritsa ulusi wopangidwa kale. Kuumba maboti, matanki, mapaipi a ulimi wothirira ndi mitengo ya magetsi kumafuna chikombole, amisiri ophunzitsidwa bwino ndi mpamba wochepa, ndipo boti kapena thanki n'zovuta kuzinyamula kuchokera kutali, choncho wopangira pafupi ali ndi mwayi.

Kwa amisiri oterewa, kukangana kwa Brussels ndi Beijing kuli ndi phindu lake. Khomo la ku Ulaya likamachepa, ulusi wa ku China, Egypt ndi Bahrain umafunafuna misika ina, ndipo dziko lopanda ng'anjo yoti liteteze lilibe chifukwa choukanira. Komanso Egypt ili mu COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, limodzi ndi Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo maiko anayiwa adali m'gulu loyamba kulowa m'dera la malonda opanda msonkho la bungweli mu October 2000. Malamulo ake amalola katundu wopangidwadi m'dziko la membala kulowa wopanda msonkho wa pachipata akakhala ndi satifiketi yotsimikiza kumene adapangidwa. Chimene chimavuta ndi kuchuluka kwa katundu. Fakitale ya ku Ain Sokhna imagulitsa pa kontena ya matani pafupifupi 20, pamene wokonza maboti ku Nkhata Bay kapena ku Monkey Bay amafuna mipukutu iwiri kapena itatu, ndipo rezini yoyendera limodzi ndi ulusiwo imaonongeka ikakhala miyezi yambiri m'malo otentha. Kuti mtengo wa ku Egypt ufike kwa iye, pafunika wamalonda kapena gulu la amisiri lotha kupeza madola a kontena yathunthu, kuisunga pouma ndi kuigulitsa pang'onopang'ono, ndipo ndi kusowa kwa ndalama zakunja kwa zaka zino, ambiri amaona chapafupi kutumiza mipukutu yochepa pa lole yochokera ku Johannesburg.